Tipita Kwathu Mvula Ikatha

Ndinakumva dzana, Daliso, ukuuza kamtsikana kaja pafoni kuti kwanu ndi ku Katete. Usabise nkhope, ndinali pompano ndikusankha nyemba, ndipo makutu anga sanafe. Ku Katete iwe? Unabadwira kuno ku Kafue, mchombo wako unagwera kuno, ukaona mbewa umakwera pampando. Atakutsitsa pa Katete lero ungadziwe kolowera? Bwerani kuno nonse, nawenso Tisa, ikani mafoniwo pansi. Mumandifunsa kawirikawiri kuti tinabwera bwanji pamiyala pano pamene anzathu ali kumunsi kufupi ndi madzi. Lero ndikuuzani, chifukwa mawu omwewo amene wanena iwe Daliso ndi amene anatigwetsera nyumba.

Agogo anu aSakala anabwera kuno ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji. Ine anadzanditenga pambuyo pake, ndili ndi kasutukesi kamalata ndi mphika umene amayi anandipatsa. Ulendo wake sunali ngati wa masiku ano woti mumagona m'basi n'kudzidzimukira ku Lusaka. Fumbi linkalowa mpaka m'mano, pa Luangwa tinkatsika kugula nsomba zouma ndi madengu, ndipo pofika munthu unkaoneka ngati akufukula kumene. Tsiku limene ndinafika, ndisanamwe n'komwe madzi, aSakala anandiuza kuti ndisamasule katundu yense popeza sitikhalitsa. Ndinamvera, ndinali mwana. Nsalu zina za ukwati zinakhala m'sutukesimo mpaka njenjete zinazimaliza.

Kuseri kwa Nangongwe kunali malo amene ife akum'mawa tinamangako timanyumba. Wina akapeza ntchito ankaitana mbale wake, mbaleyo n'kuitana mlamu wake, mpaka anthu anangopatcha malowo kuti Kum'mawa. Ena anali a njanji, ena a kufakitale ya nsalu, ena a kufakitale ya fetereza. Kumunsi kwathu, cha kumtsinje, kunali mzere wina wa nyumba za asodzi ndi ogulitsa nsomba, Atonga ndi ena a konkuno. Tinkabwerekana mchere, ana ankasewera pamodzi, koma ife tinkadziona ngati anthu a paulendo amene angoima pang'ono kuti apume.

Inu ana simulidziwa liwu loti mchona. Mchona ndi munthu amene anapita kutauni n'kuiwala kwawo, wosatumiza ngakhale sopo, womwalira n'kuikidwa ndi anthu osadziwa dzina la amake. Mwamuna wakum'mawa ukanamutcha mfiti akanatha kuseka, koma kumutcha mchona inali nkhondo ya mipini. Ndiye mwamuna aliyense wa Kum'mawa, ukamufunsa za mawa, yankho linali limodzi: tipita kwathu mvula ikatha. Mvula ikatha ankati anthu akolole kaye. Akakolola ankati kwazizira, msewu suyendeka ndi chifuwa. Kukatentha ankati mwana amalize sukulu, kenaka mvula ija yabweranso. ASakala ankakonda kunena kuti kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo ankanena atakhala pampando umene miyendo yake inali itakumba kale maenje pakhonde lathu.

Musaganize kuti ankangolankhula chabe. Ankagulanso katundu wa kumudzi. Chipinda chimodzi chathunthu chinali cha zinthu zimenezi: malata a nyumba ya kumudzi, pulawo ya ng'ombe zimene tinalibe, makina osokera a pamanja, njinga yatsopano yokulungidwa m'masaka. Simunaione pulawo inu, mumaganiza kuti chimanga chimamera m'thumba la ufa. Njingayo palibe anaikwerapo, matayala anaphwa okha n'kung'aluka. Amayi anu a Misozi anakula akugona pansi pabalaza, pamene pulawo inali ndi chipinda chakechake chokhala ndi loko. Mtengo wa zipatso aSakala ankakana kubzala, amati wobzala mango wavomera kufera pomwepo. Amuna anzawo akabwera kudzacheza ankawatsegulira chipindacho kuti aone, iwo n'kumagwedeza mitu, chifukwa aliyense anali nacho chipinda chotere kwake.

Ine ntchito yanga inali nsomba. Ndinkapalasa njinga yakale ya aSakala kupita ku Chanyanya, dengu kumbuyo, chitenje nditamanga ngati kabudula. Masiku amenewo mkazi wapanjinga anthu ankamuyang'ana mpaka khosi kupindika. Kumeneko ndinkadikira mabwato pagombe, udzudzu ukundidya miyendo, n'kusankha nsomba zoti zikafika kutauni zisananunkhe. Kunalibe mafiriji anu aja. Tinkayala udzu wonyowa m'dengu, ndipo zotsala tinkazing'amba n'kuziwamba pamoto. Kumeneko ndi kumene ndinapalana ubwenzi ndi bina Mutinta, mayi wachitonga wa mzere wa kumunsi uja. Bina ndiye kuti amake, m'chilankhulo chawo. Anandiphunzitsa kumwa mabisi, mkaka wosasa uja, umene poyamba ndinkauthira kuseri iwo akayang'ana kumbali. Mayi ameneyu analibe manyazi pakamwa. Tsiku lina anandifunsa kuti amuna anga amene akhala akutsazika chibadwire Mutinta adzanyamuka liti, popeza Mutintayo tsopano ali ndi mwana kumsana.

Ndi nsomba zimenezo ndinamanga nyumba, koma mozemba ngati wakuba. Sindikanatha kunena kuti ndikumanga, likanakhala bodza lalikulu pamaso pa anthu opita kwawo. Ndinkati ndikuwonjezera kashedi kosungiramo makala. Kashediko kakatha kankapezeka kali ndi windo ndi bedi. Simenti ya pansi ndinati ndi yothamangitsa matekenya. Njerwa zowotcha ndinati zadothi zikukokoloka ndipo zigwera pulawo, pamenepo aSakala anavomera msanga. Iwo ankaona zonse, sanali opusa, koma bola chinthucho chisatchedwe nyumba. Pomaliza inali nyumba ya zipinda zokwanira tonse, khonde lofiira limene ndinkalipaka polishi Loweruka lililonse, ndi chitseko chabuluu. M'chipinda cha kumapeto, chakale chimene tinayambira, ndinachiriramo amayi anu mzamba asanafike. Ndinkaikonda nyumba ija, ana inu, kuposa mmene ndinakondera chinthu china chilichonse chopanda mpweya.

Tsono anthu a mapulani. Amenewa tinawaona ambiri pa moyo wathu, amabwera ngati ngumbi, kamodzikamodzi koma mwaunyinji. Ankafika ndi galimoto yoyera, nsapato zosadziwa matope, n'kutiuza kuti tauni ikukula ndipo iyenera kukula mwadongosolo. Ife tinkati tikufuna madzi a m'mipopi ndi ngalande, iwo n'kulemba, n'kumwa zoziziritsa kukhosi, n'kupita. Ena anabwera ndi chithunzi chachikulu cha mmene gombe lathu lidzaonekere. Munali mitengo yozungulira ngati kabichi, timabwato toyera, ndi akazi owonda akuyenda ndi agalu a pachingwe. Ndinayang'anitsitsa kufuna munthu wosenza dengu, sindinamupeze. Mbuzi munalibe, matope munalibe, ngakhale mvuu anaichotsa mumtsinje. Bina Mutinta anafunsa kuti anthu a m'chithunzichi adzachokera kuti ndipo ife adzatiika kuti, wamapulaniyo n'kuyankha kuti limenelo ndi funso labwino kwambiri. Chithunzicho chinakhala pakhoma la sukulu mpaka dzuwa linachifufutitsa. Choncho tinazolowera kuti pulani ndi chinthu chimene chimabwera ndi mabanzi n'kupita chokha.

Kenaka, tsitsi langa litayamba kale kuyera, kunabwera mnyamata wina dzina lake Mulenga. Uyu anali wosiyana ndi anzake, ndipo ndi chimene chinatipweteka, chifukwa ankamvetsera. Anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu mwezi wa kutentha kuja, amuna pamabenchi, ife akazi pansi pa zitenje zathu. Anafotokoza bwinobwino kuti kudzamangidwa msewu wochokera kumsewu waukulu kukafika kumtsinje, ndi msika wa nsomba kumapeto kwake, kuti mabasi ang'onoang'ono azifika kugombe. Msewuwo unali ndi njira ziwiri zokha zodutsa: mzere wathu wa Kum'mawa, kapena mzere wa kumunsi wa a bina Mutinta. Kulikonse nyumba zigwa, ndipo eni ake adzapatsidwa mapuloti kuphiri. Iye anati safuna kusankha yekha ali muofesi. Akufuna msewu udutse kumene anthu ake sakhalitsa, kuti asazule anthu amene akhazikika.

Muyenera kudziwanso kuti Mulenga anali Mbemba, ndipo ife ndi Abemba tili pachimbuya. Timanyozana pamaliro, paukwati, paliponse, popanda wokwiya. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Mbuya wako akakunyoza suyenera kugonja, uyenera kubweza mawu oposa ake. Zimenezi n'zokoma pamaliro, koma tsiku limenelo zinatipha.

Anayamba ndi a kumunsi. Anati amene adzakhale kuno mpaka ukalamba, iwo ndi ana awo, akweze manja. Manja anakwera onse ngati mapesi, bina Mutinta anakweza awiri, ndipo nkhalamba ina inakweza ndi ndodo yomwe. Kenaka anatembenukira kwa ife.

"Manje imwe ba Kum'mawa, ni bandani bazankala kuno? Kwezani manja nione."

 Mwamuna aliyense anayang'ana mnzake ndi kona ya diso. Pabenchi lakutsogolo panali aDaka, mkulu wa bungwe lathu la maliro, munthu amene mano onse anathera ku Kafue ndipo kumudzi anapitako komaliza amake akadali moyo. Anapinda manja pachifuwa, ndipo amuna onse anapinda nawo. Ine ndinayang'ana chitseko changa chabuluu, chimene chinkaoneka kuchokera pabwalopo, ndipo ndinakweza dzanja. Amayi awiri amasiye anakwezanso. ASakala anatembenuka n'kundiyang'ana ngati ndavula pamsika, koma sindinatsitse.

Mulenga anaseka, akuganiza kuti ndi nthabwala. "Shani, ba mbuya? Ba mayo beka ndiye bazankala? Imwe ba mudala simunachone kudala imwe? Olo mbeba za ku Katete zinakuibalani."

Anangofuna kuseketsa anthu, mwana uja, koma liwu lija la kuchona analitchula pagulu, pamaso pa akazi ndi Atonga. ADaka anaimirira pang'onopang'ono, n'kukonza jekete.

"Mwana iwe, wachona ndi atate ako. Ife tili ndi kwathu, minda ikutidikira. Tikhale kuno tizidya anyani ndi inu? Tipita mvula ikatha, tonse."

Amuna anawomba m'manja mpaka mabenchi kugwedezeka. Mulenga anasiya kuseka. Anafunsanso kachiwiri, mwaulemu tsopano, kuti akuluakulu aganize bwino popeza zimene anene ndi zimene zilembedwe. Anafunsa aSakala powatchula dzina, chifukwa nyumba yathu ndiyo inali pakati penipeni pa njirayo. Agogo anu anayankha kuti katundu wawo ndi womangamanga kale, amene akukayika abwere adzaone pulawo. Zaka zonse zija tinalira madzi, tinalira ngalande, palibe anatimva. Tsiku limodzi lokha limene tinanama ndi limene boma linatikhulupirira.

Madzulo ake amuna anasonkhana kwa aDaka kumwa chibuku, akusimbirana mmene amukhalitsira chete Mbemba. Kunyumba aSakala anakana nshima yanga, amati sangadye chophika mchona. Anakana masiku angapo, koma ndinkapeza mbale ili yopanda kanthu ndikabwera kotunga madzi, ndiye mwina anali amphaka. Akazi anzanga ena anasiya kundipatsa moni, omwewo amene ankabwera kudzandifunsa kumene ndinagula polishi. Bina Mutinta yekha anabwera, anakhala pakhonde langa n'kulisisita ndi dzanja.

"Amake Misozi, bamuna bako bagulisa nyumba na kamwa. Ine nakondwela kuti yanga yapulumuka, sininganame. Koma iyi yako inibaba mumtima."

Ndinamuuza kuti asade nkhawa, mapulani a kuno amathera pakhoma la sukulu. Ndinkakhulupiriradi zimenezo.

Sizinathere pakhoma. Patapita masabata angapo kunabwera anyamata ndi chitini cha penti wofiira, n'kuyamba kulemba mitanda pamakoma a mzere wathu. Wathu anaulemba pambali pa chitseko, penti n'kuyenderera mpaka pakhonde. Ndinaukwecha ndi mchenga tsiku lonse, unakana. Amuna aja anayamba kuyenda mwakachetechete, chibuku chinasiya kukoma. Mulenga anabwera yekha kunyumba kwathu, wapansi, n'kukhala pa kampando ka pakhonde. Anati pulani isanasindikizidwe pamakhala msonkhano wina womvera madandaulo. Anati mainjiniya angathe kuukhotetsa msewuwo kuti udutse kudambo la kuseri, kopanda nyumba za wina aliyense, ngakhale ndi ntchito yovuta ndipo akuluakulu ake sangavomere popanda chifukwa. Chifukwa chake chinali chimodzi: eni nyumba anene pamsonkhano kuti ndi okhazikika. Dzanja langa silinali lokwanira popeza mapuloti onse ankadziwika ndi maina a amuna. Anapepesanso chifukwa cha liwu lija. ASakala anamvetsera, n'kumufunsa ngati wadya, n'kumuperekeza mpaka pamsewu osalonjeza kanthu.

Masabata amenewo ndinayesa zonse. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawaphikira mlamba wowamba wothira nsinjiro umene ankaukonda. Ndinawauza kuti safunika kunena kuti achona, angoti tikhala. Iwo anati aDaka akayamba, iwonso anena. Ndinapita kwa akazi a aDaka, iwo anati amuna awo akudikira aSakala, popeza nyumba yaikulu ndi yathu. Mzere wonse unali choncho, aliyense akudikira mnzake kuti ayambe kuvula chipewa.

Tsiku la msonkhano linafika mitambo itayamba kale kuda. Kutsogolo kunakhala Mulenga ndi akuluakulu ake awiri, mmodzi akungoyang'ana wotchi. ADaka anayamba kulankhula. Analankhula za udzudzu, za achinyamata osapereka moni, za mtengo wa fetereza ngakhale fakitale ili pakhomo, za mmene njanji inalili kale. Anakhala pansi osatchula nyumba. Mulenga anafunsa ngati pali mwini nyumba wa Kum'mawa amene akufuna kusintha mawu ake a tsiku lija. Anafunsa akuyang'ana agogo anu.

ASakala anaimirira. Ndinagwira dzanja la bina Mutinta amene anabwera kudzakhala nane. Agogo anu anavula chipewa, anachizunguza m'manja, anayang'ana kunyumba kwathu, kenaka anayang'ana benchi la amuna anzawo. Ndikudziwa mpaka lero kuti mawu oyenera anali pakamwa pomwepo.

"Akuluakulu, ife pempho lathu ndi limodzi. Mutidikireko mvula ithe."

Wamkulu wa wotchi uja anamwetulira, anati limenelo ndi pempho la nzeru ndipo lavomerezedwa, popeza makina sangagwire ntchito m'matope. Anayamikira anthu a Kum'mawa chifukwa chogwirizana ndi chitukuko. Anthu anawomba m'manja, aDaka anagwira aSakala chanza. Mulenga anatseka buku lake osayang'ana aliyense. Ine sindinalire pamenepo, ndinakalirira kuseri kwa chimbudzi cha sukulu, ndipo ndinalira mokwiya, osati mwachisoni.

Mvula ya chaka chimenecho inatha msanga, ngati nayonso inatopa nafe. Makina anabwera udzu usanaume. Lole inanyamula katundu wathu, ndipo mukudziwa kumene inalowera: sinakhotere ku Lusaka kuti ikagwire msewu wa kum'mawa, inakwera phiri lino. Mzere wonse wa anthu opita kwawo unakwera phiri, palibe ngakhale mmodzi anapita ku Katete kapena ku Chipata. Malata a kumudzi aja ndi awa ali pamwamba panuwa. Anachita dzimbiri ali m'chipinda osaonapo mvula, n'chifukwa chake mumatchera mabeseni ikamagwa. Ndinaima patali kuonerera chimakina chikukankha khoma la kuchipinda kwathu. Sichinavutike n'komwe, ndipo woyendetsa ankadya chimanga chowotcha ndi dzanja linalo. Chitseko ndinachichotsa ndekha, koma pano chinakana kulowa pafelemu, ndiye tinachipanga thebulo.

Msewu anaumanga, sindinama, ndi wabwino. Msika nawonso anamanga, wa matebulo a simenti, ndipo ogulitsa nsomba amakhala panja pake pansi chifukwa ogula safuna kukwera masitepe. Akazi a agalu a pachingwe aja sanafikebe. Kuno kuphiri madzi tikuwadikira, anatiuza kuti ali m'pulani yotsatira.

Agogo anu sanazolowere kuno. M'mawa uliwonse ankavala jekete ndi chipewa n'kutsika phiri, amati akukafunsa za mabasi a kum'mawa. Mabasi a kum'mawa sadutsa kumeneko, aliyense amadziwa. Ankakakhala pa chidutswa cha njerwa m'mphepete mwa msewu watsopano, pamene panali nyumba yathu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ankangoyang'ana magalimoto akudutsa. Ndinkawatumizira chakudya m'kambale, nthawi zina chinkabwerera osachikhudza. Sanandipepese, ndipo ine sindinawafunse. Tsiku lina lokha, ndikuwasisita miyendo imene inatupa ndi phirili, anati khonde lija ndinkalisamala bwino. Ndi zokhazo zimene ananenapo za nyumba ija, ndipo ndinazilandira.

Anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira. ADaka anabwera ndi jekete lawo lija kudzalamula kuti thupi lipite kwawo, monga mwini ankanenera. Tinaimba foni kumudzi. Anayankha mnyamata wina wa kubanja, waulemu ndithu, amene anafunsa kuti Sakala wake uti. Atafunsa akuluakulu anabweza foni kuti amene ankawadziwa onse anapita kale, munda unagawidwa kalekale, koma tikafuna tibwere nawo, malo kumanda sasowa. Ndinauza aDaka kuti ine sindikapereka amuna anga kwa anthu ofunsa kuti ndi uti. Kwa nthawi yoyamba aDaka anagonja. Tinawaika konkuno, ndipo manda anakumba ndi ana a bina Mutinta pamodzi ndi Abemba a kunjanji. Mulenga anabweranso, anapaka aDaka ufa kumaso monga achitira ambuya pamaliro, koma sanaseke.

Tsono inu mukakwera basi yopita kumsika wa nsomba, mumamva kondakitala akufuula malo otsikira. Madalaivala anazolowera kuona mdala wachipewa atakhala pamalo amodzi tsiku ndi tsiku, ndiye anthu ankati nditsitseni pa mdala Sakala. Mdalayo anapita, dzina linatsala. Ndamva kuti pamapu atsopano a tauni analembapo momwemo. Anyamata amene amafuula dzinali lero sanawaonepo agogo anu, sadziwa kuti akuitana munthu amene anakana pamaso pa boma kuti sakhala kuno.

Ine ndimakwera basi imeneyo ndikamapita kukaona bina Mutinta, amene maso ake afooka tsopano. Tikayandikira, kondakitala amamenya denga n'kufuula kuti, "Pa Sakala! Balipo boseluka?" Nthawi zina amandiyang'ana ine, nkhalamba ya kumbuyo, n'kufunsa ngati nditsika. Ndimapukusa mutu. Koma basi ikamadutsa pamene panali bedi lathu, ndimakweza mapazi pang'ono.